Sitima Imene Sinaime

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Andigoneka lero m'chipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan. Kope ili wandipatsa mwana wanga Winifred, amene ndakhala naye kuno ku Glasgow chimwalirire amayi ake. Akuti ndizilembamo mankhwala ndi nthawi yake. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, choncho ndilemba zochepa.

Maso anga achita chikasu masabata awiri. Thupi likuyabwa. Mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka. Pa sikelo makilogalamu 58. Mu Novembala anali 66. Kuthamanga kwa magazi 148 pa 86. Atenga magazi timabotolo tinayi.

Dokotala wake ndi mayi, a Kerr. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti zotsatira azindiuza ineyo. Ndinaloza Winifred. Kwathu wodwala sasenzetsedwa nkhani. Dokotala amauza amene akumudikirira. A Kerr analemba zimenezo, nati ndikadzasintha maganizo ndidzanene, tsiku lililonse.

Kuno wodikirira wodwala sagona pansi pa bedi. Nthawi ya alendo itatha, Winifred anapita.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Chipinda chathu ndi cha mabedi anayi. Awiri a kukhomo amagona nthawi zambiri. Pafupi ndi ine, cha kuwindo, pali mzungu wa zaka 77, a Archie. Ankawotcherera zitsulo kumene amapanga sitima za pamadzi, pa Govan pomwe pano. Maso awo anafa ndi shuga, amangozindikira kuwala. Atamva dzina langa kwa nesi, ananditchula Flywell, popanda bambo. Kenako anati bigimani.

Andiunika pamimba ndi makina, atandipaka mafuta ozizira. A Kerr analankhula ndi Winifred nthawi yaitali. Iye anati, "Ababa, akuti njira ya ndulu yatsekeka. Aitsegula." Basi.

Nthawi ya 2 koloko masana a Archie anatsegula kamakina koonetsa mafilimu, kofanana ndi buku la nyimbo kukula kwake. Mafilimu ake ndi akale, opanda mitundu. Ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka 26, ndipo ana anga sindinawalole kuponda m'nyumba za vidiyo. Ndinatembenukira kukhoma.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Sikani yaikulu 9 koloko. Anandilowetsa m'chitsulo chozungulira, mawu opanda munthu akundiuza nthawi yosiya kupuma. Mankhwala amene anathira mumtsempha anatenthetsa thupi lonse. Kutentha kwa thupi 37.6.

Itakwana 2 koloko a Archie anati, "Bigimani, uli ndi maso awiri, ukungowagoneka. Tandiuza, mayiyu wagwira chiyani?"

Wakhungu akafunsa sakanizidwa. Ndinayang'ana. Ndinati wagwira pensulo.

Anandifotokozera kuti ndi nkhani za pa wailesi ya kanema za zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Iliyonse ndi theka la ola, iliyonse ili ndi anthu ake, ndipo sizidalirana. Poyamba pamaoneka chikepe cha m'nyumba yosanja, manambala ake akukwera mpaka kupitirira pamene nyumbayo yathera. Mawu a nkhanizo amawadziwa, koma pamene anthu akhala chete amafuna wowauza zimene zikuchitika. Chizungu changa ndi cha pa njanji, kumene ndinagwira zaka 31 ku Limbe ndikutembenuza njanji. Ndi chochepa, koma anati chikwanira.

Ya lero ndiilemba, chifukwa sindinamvepo yotere.

Mtsikana wophunzira akukhala m'kanyumba pamwamba pa phiri, ndi makina omvera nyenyezi. Mawu akubwera kuchokera kutali kosaneneka. Koma eni mawuwo amalankhula pang'onopang'ono, kotero kuti liwu limodzi limatha zaka khumi ndi ziwiri. Mtsikanayo analemba liwu loyamba. Analemba lachiwiri ali ndi mwana kumbuyo. Lachitatu analemba ali ndi imvi. Anamwalira lomaliza lisanathe, ndipo amene analimaliza ndi mwana wake. Akuluakulu a boma anasonkhana, asilikali ali chire, poganiza kuti ndi uthenga wa nkhondo. Mwanayo anawerenga pepala. M'Chichewa mawu ake ndi akuti: Tili bwino, kaya inu.

Ndinafunsa a Archie kuti anawalonjera ndani.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi pomwepo, bigimani! Wina wa kuno anawapatsa moni kalekale, ife tonse tinaiwala. Iwo sanaiwale."

Chakudya cha madzulo chinazizira ndisanachigwire.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Osadya, osamwa kuyambira m'mawa. Anandigonetsa pang'ono, nalowetsa chingwe cha kamera pakamwa mpaka m'mimba. Aika kapaipi m'njira ya ndulu. Atengako kanyama koti akapime. Pakhosi pakuwawa.

A Archie sanatsegule kamakina kawo. Anati andidikira.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kutentha 38.4. Mankhwala a m'dilipu katatu pa tsiku: 6 koloko, 2 koloko, 10 koloko. Nesi wathu ndi a Lucia, odekha, koma sanyengereredwa.

Ndinaonera ndili chogona. Nkhani ya munthu amene chithunzithunzi chake chinayamba kumutsogolera ndi tsiku limodzi. Iye atakhala pa mpando, chithunzithunzi chili pakhoma chikuchita zimene iye adzachite mawa. Tsiku lina chinanyamula chipewa nichituluka, osabweranso.

A Archie akuti ali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'nyumba yawo yosanja munali mabanja asanu ndi atatu, koma kanema anali mmodzi, kwa mayi wina wamasiye. Ana onse ankakhala pansi. Wolowa aliyense ankabwera ndi khala limodzi la malasha la pamoto. Nkhani ikatha, palibe amene ankafuna kuyamba kutsika masitepe.

Tinaonera yachiwiri. Munali chombo cha m'mlengalenga. Ndinati ndikuona chingwe chimene achimangirira.

"Ndi chidebe chopentedwa chimenecho," anatero. "Ine ndikanachiwotcherera bwino kuposa pamenepo. Koma usaname, waopa."

Chingwe ndinachiona, komabe ndinaopa. Okonza nkhanizi analibe kanthu m'manja, koma chidebe, nyali ndi nsalu. Sindidziwa kuti malo amene anatitengerako anawaona kuti.

Loweruka, 8 Febuluwale

Kutentha 37.2. Kuyabwa kwachepa. Maso ayamba kuyera.

A Kerr anaitana Winifred panja pa chipinda. Anakhalako mphindi makumi awiri. Wotchi ili moyang'anana ndi bedi langa. Atabwera anati, "Akuti zikuyenda bwino, Ababa. Kapaipi kakugwira ntchito." Maso ake anali ofiira. Anati ndi mphepo ya panja.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Atatuluka m'tchalitchi anabwera a Spencer, mkulu mnzanga wa mpingo wa kuno, ndi akazi awo. Anabweretsa mpunga wa kilombero, nkhuku ndi chigumu. Ndinadya masipuni asanu. Tinapemphera ndi kuimba motsitsa mawu.

A Archie alibe mlendo chibwerere ine. Mwana wa mchemwali wawo ali ku Aberdeen, amabwera kamodzi pa mwezi. Munthu kudwala chotere popanda womutungira madzi, sindinazolowere. Ndinawapatsa chigumu. A Lucia anachiona, nachidula, nasiya kachidutswa ngati bokosi la machesi. A Archie anati, "Mayi uyu akanakhala folomani wathu, sitima zikanatha msanga."

Ndinali nditawauza a Archie kuti Lamulungu sindionera. Itakwana 2 koloko anatsegula okha. M'nkhanimo anthu anasiya kulankhula, kunangomveka mapazi. Anapirira pang'ono, kenako anati, "Ndani akuyendayo?" Ndinawauza.

A Spencer anali asanapite. Anati, "A Flywell, mwayamba mafilimu ku ukalamba?"

Ndinati ndikuthandiza wodwala.

"Nanga mwakhaliranji kumapeto kwa bedi, khosi lili chotambasuka?"

Nkhaniyo inali ya mzinda umene mvula yake inkagwa chokwera kumwamba.

Lolemba, 10 Febuluwale

Lero ndilemba zambiri. Kutentha 36.9. Dilipu achotsa, tsopano ndi mapiritsi, awiri m'mawa ndi awiri madzulo.

M'mawa dokotala wa a Archie anabwera, nakoka katani. Katani sitchinga mawu. Anawauza iwo eni, popanda wachibale, kuti Lachitatu adzawadula gawo la matumbo, ndi kuti mtima wawo ndi wofooka. A Archie anafunsa kuti mwa anthu khumi onga iwo, ndi angati sadzuka. Dokotala anati awiri. A Archie anati, "Chabwino. Ndakwerapo makwerero oopsa kuposa amenewo." Ine ndinachita manyazi m'malo mwa dokotalayo. Ndinaona ngati nkhanza.

Masana anati, "Lero ndakusungira yako, bigimani. Muli njanji. Mulibe mawu ambiri, ndiye ugwira ntchito."

Nkhani yake ndi iyi. Pa dziko lina lopanda mtengo, lopanda mbalame, la mchenga wokhawokha ndi nyenyezi zazikulu ngati nyali, pali mphambano ya njanji. Njanji imodzi imapita kumene kuli madzi ndi minda. Ina imathera pa phompho. Pali munthu mmodzi yekha, ndi kanyumba kake. Anamusiya pamenepo ali mnyamata, namuuza kuti sitima idzadutsa kamodzi kokha, itanyamula anthu zikwi zambiri ali m'tulo, ndipo tsiku lake silidziwika. Mphepo ya kumeneko imabweza chitsulo chotembenuzira njanji, kotero kuti sitima ikamafika pamafunika dzanja la munthu.

Ntchito imeneyo ndimaidziwa. Ndinayang'anitsitsa kuti ndimupeze cholakwa. Sindinachipeze. M'mawa uliwonse ankasesa mchenga pakati pa njanji, kuyambira kunsonga kubwerera m'mbuyo, monga tinkachitira. Ankapaka girizi ndi kamtengo, osati ndi chala. Ankagwada, nayika khutu pa njanji. Amene anakonza nkhaniyi anakhalapo ndi munthu wa pa njanji, kapena anali mwana wake. Ndinawauza a Archie zonsezi, ndipo Chizungu chinabwera chokha. Sindinalankhulepo chotere chifikire m'dziko lino.

Munthuyo anakalamba. Anayamba kukoka mwendo. Tsiku lina anaika khutu pa njanji, nadzuka msanga. Anafika pa chitsulo, nachikoka ndi thupi lonse, nachitsamira. Kuwala kunaoneka kutali. Pamenepo ndinaona kuti mutu wake wagwera pa chifuwa, ndipo maso ake satsinzinanso mchenga ukamawomba. Anafa ali chiimire, kulemera kwa mtembo wake ndi kumene kunagwira chitsulo. Sitima inadutsa, mawindo osawerengeka, m'windo lililonse nkhope ya munthu wogona. Sinaime. Inalowa njanji yoyenera.

A Archie anati, "Nanga? Chikuchitika n'chiyani?"

Ndinakumbukira za Lachitatu, ndi awiri mwa khumi aja. Munthu amene akupita ku mpeni sauzidwa za mtembo. Ndinati sitima yaima. Ndinati anthu atsika, amunyamula, amukhazika pa mpando wa pawindo, akupita naye.

Nyimbo yomaliza inatha. Kenako anatseka kamakina.

"Flywell, nkhani imeneyi ndinaionera kakhumi ndi kamodzi maso anga ali amoyo. Munthuyo wafa pa chitsulo. Sitima siima."

Ndinati ndinafuna kuwapeputsira mtima.

"Mtima wanga ndi wanga. Ndinakubwereka maso, sindinakubwereke nzeru. Ukudziwa chifukwa chake ndinaisunga mpaka lero? Ndimafuna kuimva ndisanapite kumeneko Lachitatu. Munthu uja anadziwa kuti sadzakwera, koma girizi anapaka. Iwe wandichotsera pamene ndimapafuna."

Palibe amene anandidzudzulapo chotere chikhalire mkulu wa mpingo. Ndinapepesa. Ndinapempha kuti aibwezere pamene munthuyo aika khutu pa njanji. Anaibwezera. Ndinanena zonse: mutu, maso, mchenga, mawindo. Ananditambasulira dzanja pakati pa mabedi athu, ndipo ndinaligwira. Ndi lolimba ngati langa.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Sikelo 57. Kuthamanga kwa magazi 139 pa 82.

Mkazi wanga Vainess atadwala ku Blantyre, womudikirira ndinali ine. Dokotala anandiitanira panja, nandiuza kuti kwatsala miyezi itatu. Ndinalowa, ndinati akuti zikuyenda bwino. Iye ankapempha kuti tipite kwawo ku Mulanje akaone mng'ono wake ndi munda wa amayi ake. Ndinkati ukachira. Winifred analipo, anaona mmene ndinachitira. Vainess ku Mulanje anapita m'bokosi.

Zaka zinayi ndakhala ndikunena kuti ndinamusunga bwino.

Ndawerenganso kope ili kuchokera poyamba. Loweruka a Kerr analankhula mphindi makumi awiri. Kwa ine anafika mawu osakwana khumi.

Masana tinaonera ya ana amene anapeza khomo pansi pa nyanja youma. Inali yabwino, koma ndinafotokoza moperewera. A Archie anati, "Lero uli kutali." Ndinawauza za Loweruka. Anati, "Nanga pakamwa unasiya ku Africa? Funsa."

Lachitatu, 12 Febuluwale

A Archie anawatenga 8 koloko. Kamakina anandisungitsa. Akuwakankha pa bedi anati, "Usaonere wekha, wakuba iwe." Ndinati ndiwapempherera. Anati sizingawononge kanthu.

A Kerr atafika pa bedi langa, ndinalankhula ndekha m'Chizungu cha pa njanji. Ndinati ndasintha maganizo, ndikufuna kumva. Ndinapempha womasulira amene si mwana wanga. Anati mawa 11 koloko, ndipo anandifunsa ngati Winifred akhalepo. Ndinati akhalepo.

Winifred anabwera ataweruka ku ntchito. Ndinamuuza. Anakhala pa mpando chikhoto chili m'thupi.

"Ababa, ndani wakuuzani?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndafunsa."

"Ine ndimafuna muyambe mwalimba kaye. Adokotala anandiuza Loweruka kuti pali chinthu choti musankhe, ndipo sangachite kanthu musanamve nokha. Tsiku lililonse ndimabwera nditakonzeka, mu basi ndimayeseza mawu ake. Ndikakuonani, pakamwa pamakana."

Ndinati sanalakwe. Anachita zimene anaona kwa ine.

"Ndiye ndinene pano?"

Ndinati ayi. Wasenza masiku anayi, akwana.

Madzulo a Lucia anati a Archie adzuka. Ali ku chipinda cha odwala kwambiri, ndipo atukwana kale nesi mmodzi.

Lachinayi, 13 Febuluwale

11 koloko, m'kachipinda ka mipando inayi. A Kerr, a Lucia, Winifred ndi ine. Pa tebulo anaika foni. M'foni munatuluka Chichewa: "Muli bwanji bambo, ndine Vitu, ndikulankhula kuchokera ku Leeds. Ndimasulira zonse zimene zinenedwe muno." Ndinati, "Mwana wanga, usachotsepo kanthu, ngakhale kakuwawe." Anati ndi lamulo la ntchito yake.

Ndilemba monga ndinamvera.

Pa kapamba pali chotupa, kukula kwake masentimita atatu. Ndi chimene chinatseka njira ya ndulu. Kanyama kaja kapimidwa. Ndi khansa. Monga akuonera, sinafike ku chiwindi. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi opaleshoni ya maola asanu ndi awiri, kenako mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Ndi yoopsa pa zaka zanga 74, ndipo mwa ambiri matendawa amabweranso. Yachiwiri ndi kusiya kapaipi kagwire ntchito, kumwa zoletsa ululu, ndi kukwera ndege yobwerera kwathu ndikadali ndi mphamvu. Pa njira imeneyo akuganiza miyezi, mwina kufika chaka. Yankho akulifuna Lachisanu la sabata ya mawa.

Vitu sanachotsepo kanthu, ngakhale liwu la khansa analinena.

Ndinapempha kuchiona. A Kerr anatembenuza kompyuta. Anandionetsa m'kati mwanga, gawo ndi gawo, kuyambira pa chifuwa kutsika. Ndinaona nthiti zanga. Ndinaona msana, chiwindi, ndi mitsempha yoyera yopatukana m'njira zambiri. Zaka 74 ndayenda ndi dziko lonseli, osaliona. Chotupacho ndi kamthunzi kochepa, pambali pa kapaipi. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mantha analipo, koma sanali okha.

Ndinafunsa mafunso asanu ndi limodzi. Onse anayankhidwa. Sindinasankhe lero. Ndili ndi masiku asanu ndi atatu, ndipo ndi anga.

Titabwerera ku bedi, Winifred anatulutsa foni yake. Anati aimbire mchimwene wake Jeff ku Ndirande, ndi mlongo wanga ku Balaka, amene akhala akufunsa tsiku ndi tsiku. Anaimirira kuti akalankhulire panja.

Ndinatambasula dzanja. Anazengereza, kenako anandipatsa.

Ndinayamba ndi mlongo wanga, chifukwa ndi wamkulu. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Ndinalankhula mphindi zisanu ndi ziwiri.